Makalata a Omvera: Kumira m'Nyimbo za Jazi

Omvera athu kuno ku Johannesburg, tafika pa chigawo cha makalata. Yoyamba yachokera ku Rosettenville, kwa bambo wina wa kwawo ku Dedza, amene masana amagwira ntchito ya ulonda koma Lachisanu ndi Loweruka usiku amaimba gitala ya besi m'gulu la jazi. Alemba motere:

"Achimwene, mundimasulire chimene chimandichitikira. Pa nyimbo ziwiri zoyambirira mutu wanga umakhala ukuwerengabe za lendi ndi ndalama zotumiza kumudzi. Koma tikangogwirizana ndi woimba ng'oma, zala zimayamba kuyenda zokha, ndipo tikamaliza ndimapeza kuti papita ola lathunthu pomwe ine ndimayesa mphindi khumi. Ndimabwerera kunyumba mtima uli m'malo, ngakhale chala chamkombaphala chatuluka thuza. Kodi amenewa ndi matenda?"

Bambo, si matenda ayi. Katswiri wa za maganizo Mihaly Csikszentmihalyi, amene makolo ake anali a ku Hungary ndipo ankaphunzitsa pa yunivesite ya Chicago, anafotokoza zimenezi m'chaka cha 1975 atafunsa okwera matanthwe, osewera chess, ovina ndi madokotala a opaleshoni. Anazitcha flow, ife tinene kuti kumira m'ntchito. Anapeza kuti zimabwera pamene ntchito ikulingana ndi luso la munthu, yosaphweka mpaka kutopetsa, yosalimba mpaka kuchititsa mantha, komanso pamene munthu akudziwa pompopompo ngati walondola kapena waphonya. Jazi ili nazo zonsezi, chifukwa mukakhudza chingwe, woimba ng'oma amakuyankhani nthawi yomweyo. Amayi athu amazidziwa bwino pamtondo: awiri akamasinja mosinthana, minsi osagundana, nyimbo ili pakamwa, chimanga chimakonoka asanamve kutopa.

Mu 2008 Charles Limb ndi Allen Braun, ku America, anaunika ubongo wa oimba piyano asanu ndi mmodzi pamene ankapeka nyimbo akuimba, ndipo anaona kuti mbali imene imadzilondalonda ndi kudziweruza inkachepetsa ntchito yake. Ine ndikukhulupirira kuti mpumulo wanu wagona pamenepo: liwu lija limene limakufunsani za lendi tsiku lonse limakhala chete kwa ola limodzi. Pitirizani kuimba, bambo, koma muzipezanso tulo tokwanira musanabwerere pa geti.

Kalata yachiwiri yandilemera kwambiri. Yachokera kwa mayi wina wa ku Yeoville:

"Abambo a kunyumba kwanga amaimba lipenga. Akakhala pa siteji amaoneka munthu wina, nkhope yowala, maso otsinzina. Koma amati sangafike pamenepo osayamba amwa, ndipo masiku opanda ntchito amangokhala ndwii pampando, nsima osaikhudza, ana akawayankhula n'kuwakalipira. Ndiwabisire lipengalo?"

Mayi, chonde musalibise. N'kutheka kuti ndi malo okhawo amene bambowo akupumirako pakali pano, ndipo kuwalanda kungawonjezere mdima. Koma sindikunamizani kuti kuwala kwa pa siteji kukutanthauza kuti ali bwino. Kumira m'nyimbo kumatha nyimbo ikatha, ndipo munthu amene moyo wake wonse waukoloweka pa maola awiri amenewo amagwa kwambiri Lolemba likafika, makamaka kuno kuchilendo kumene ntchito ya oimba ndi ya lero ilipo mawa kulibe.

Mzinda uno unaziona kale zimenezi. Kippie Moeketsi, amene ankaliza saxophone m'gulu la Jazz Epistles pamodzi ndi Hugh Masekela, Jonas Gwangwa ndi Abdullah Ibrahim, anali ndi luso losowa, koma analimbana ndi mowa kwa zaka zambiri ndipo anamwalira ali wosauka mu 1983. Dzina lake linadzapatsidwa kwa malo oimbira a Kippies ku Newtown iye atapita kale. Masekela naye ankanena poyera kuti mowa ndi mankhwala ozunguza bongo zinamugwira kwa nthawi yaitali; anakalandira thandizo, nasiya, ndipo anapitiriza kuliza lipenga lake kwa zaka zina pafupifupi makumi awiri asanamwalire mu 2018. Ndikutchula iyeyu chifukwa akutsutsa zimene amuna anu amakhulupirira. Mowa umachotsa manyazi, inde, koma umagonthetsa khutu ndi kulemetsa zala, pomwe jazi imafuna kumvetsera mnzako mwatcheru. Chimene chimawafikitsa pamenepo ndi zaka zimene anathera akuyeserera, osati botolo.

Kukana chakudya, kukhala chete masiku angapo ndi kupsa mtima msanga zikhoza kukhala zizindikiro za matenda a maganizo, ndipo matendawa amachizika. Musayankhule nawo usiku atamwa. Sankhani m'mawa, muyambe ndi kuwauza mmene mumakondera kuwaona akuimba, kenaka muwapemphe kuti mupitire limodzi ku kiliniki. Bungwe la SADAG, lothandiza anthu amene ali ndi matenda a maganizo, limene lili konkuno ku Johannesburg, limapereka uphungu pa foni. Ngati ankhoswe anu ali kutali kumudzi, pezani mkulu mmodzi wa kumpingo, kapena mnzawo wa m'gulu amene amam'lemekeza, akhale nanu pokambiranapo. Ndipo ngati kukalipa kuja kutafika pokweza dzanja, tetezani ana ndi inu nomwe choyamba. Mutilemberenso pakatha mwezi, mayi, tidzamve mmene zikuyendera kunyumbako.