Uthenga kwa achemwali ndi alamu pa nkhani ya kope la mtsikana wathu

Achemwali, pamodzi ndi inu alamu, landirani moni kuchokera kuno ku Edinburgh, ndipo ndikupempha kuti mumvetsere uthengawu mpaka kumapeto musanachitepo kanthu pa nkhani ya mtsikana wathu. Masamba 14 a kope lake amene munajambula n'kunditumizira pa WhatsApp ndawawerenga onse, ena kawiri, ndili m'basi pochokera ku ntchito ya usiku. Pempho langa loyamba ndi lakuti kopelo lisawotchedwe, ndipo nkhaniyi isafike kaye kwa abusa kapena kwa aphunzitsi ake, chifukwa zimene mwanayu walemba si zaufiti. Chilipo chimene chandidetsa nkhawa ine monga malume wake, koma ndi chosiyana ndi chimene chakuopsani inu.

Mayina amene mwawaona m'kopemo, Draco, Hermione ndi Ron, si a mizimu ndiponso si a anzake obisika a pa intaneti. Ndi anthu opeka a m'mabuku 7 a Harry Potter, onena za ana a pasukulu yopeka ya zamatsenga, amene mlembi J.K. Rowling anatulutsa kuyambira 1997 mpaka 2007, ndipo anapangidwanso mafilimu 8 pakati pa 2001 ndi 2011. Mbali ina ya mabukuwo analembera mumzinda uno, moti ndikamadutsa mu Victoria Street ndimaona atsikana a msinkhu wa mwana wathuyu akugula masikafu obiriwira, omwe ndi chizindikiro cha gulu la Draco pasukulu ya m'nkhaniyo. Chimene mwana wathu akuchita chimatchedwa fan fiction, kutanthauza kuti munthu wokonda buku amatenga anthu a m'bukumo n'kuwalembera nkhani yakeyake yatsopano. Kumbukirani mmene agogo ankasinthira nthano ya Kalulu usiku ndi usiku, lero wagwidwa pachitsime, mawa wapulumuka, ife n'kumangoyankha kuti tili tonse. Kusiyana kwake n'kwakuti ana a lero amalemba n'kuika pa intaneti, pamalo monga FanFiction.net yomwe inayamba mu 1998, Wattpad ya mu 2006, ndi Archive of Our Own, yoyendetsedwa ndi bungwe losachita malonda lotchedwa Organization for Transformative Works. Zamatsenga zimene zatchulidwa m'kopemo ndi zongopeka, ngati mmene Fisi amalankhulira m'nthano.

Kuti mumvetse nkhawa yanga, muyenera kudziwa kaye mmene Draco Malfoy alili m'mabuku enieniwo. Iye ndi mwana wa banja lolemera ndi lonyada, limene limakhulupirira kuti magazi awo ndi oyera kuposa a ena. M'buku lachiwiri amatukwana Hermione pagulu ndi mawu otanthauza kuti magazi ake ndi amatope, chifukwa chakuti makolo ake ndi anthu wamba opanda matsenga, madokotala a mano, ndipo chitonzo chimenecho amachipitiriza kwa zaka. M'buku lachisanu ndi chimodzi, ali ndi zaka 16, amatumidwa kupha mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo, Dumbledore, ndipo poyesa kuchita zimenezi amatsala pang'ono kupha mtsikana wina ndi mkanda wotembereredwa, komanso Ron ndi chakumwa chothiridwa chiphe. Ndiye amene amatsegulira adani njira yolowera m'sukulu muli ana anzake. Zoona, nthawi yakupha itakwana dzanja lake limalemera ndipo amalephera, ndiponso m'buku lomaliza amazengereza kuulula Harry, mwini nkhaniyo komanso mnzake wa Hermione ndi Ron, atagwidwa. Koma m'nyumba yomweyo ya kwawo Hermione amazunzidwa ndi Bellatrix, mayi ake aakulu a Draco, iye osachitapo kanthu. Ndi mnyamata wamantha amene analeredwa molakwika, ndipo pakutha pa nkhaniyo sapepesa kwa Hermione ngakhale kamodzi.

Okonda mabukuwa ambiri sanakhutire ndi Draco wotereyu, choncho anayamba kumusambitsa. Chinathandizira kwambiri ndi mafilimu, chifukwa Tom Felton, amene ankasewera Draco, ndi wooneka bwino ndipo ali ndi nkhope yochititsa chisoni, zomwe buku silinamupatse mwini wakeyo. Mu Disembala 2014 Rowling mwiniwake analemba kuti kuchuluka kwa atsikana ogwa m'chikondi ndi Draco kunkamudetsa nkhawa, ndipo anakana zoti pansi pa mwano wa mnyamatayu pabisika mtima wabwino. Chizolowezichi n'chofala moti owerenga a Chingerezi anachipatsa dzina lachipongwe, la Draco wovala thalauza lachikopa, ndipo amaligwiritsa ntchito pa munthu woipa wa m'nkhani iliyonse amene okonda nkhaniyo amusandutsa chibwenzi chosiririka. Zimachitikanso ndi Snape, mphunzitsi wankhanza wa m'mabuku omwewo, komanso ndi Loki wa m'mafilimu a Marvel. Kasambitsidwe kake kamafanana pafupifupi kulikonse: mlandu wa woipayo umachepetsedwa kapena kusenzetsedwa bambo ake, nkhanza zake zimatchedwa chikondi chobisika, ndipo kuti iye aoneke woyera pamafunika wina woti adetsedwe. Apa ndi pamene Ron, yemwe m'mabuku ndi mnzake wokhulupirika wa Hermione ndipo pomaliza amakhala mwamuna wake, amasandutsidwa chidakwa, mbuli kapena womenya mkazi. Nkhani zolumikiza Draco ndi Hermione zili ndi dzina lawo, Dramione, lomwe mwana wathu walilemba ndi cholembera chofiira pamwamba pa tsamba loyamba.

Zonsezi zili m'kope lake, ndipo sanazipeke yekha, anazitola kwa amene amawawerenga. Patsamba lachinayi Ron akubwera ataledzera n'kuswa mbale. Patsamba lachisanu ndi chinayi mvula ikugwa, Draco akuvula jekete n'kufunditsa Hermione, kenaka akumuuza kuti mawu onse achipongwe aja ankawanena chifukwa ankamukonda ndipo sankadziwa njira ina yosonyezera, Hermione n'kulira, n'kupepesa yekha kuti sanamumvetse. Achemwali, nditafika pamenepo ndinaika foni pamwendo mpaka basi inadutsa siteji yanga. Chingerezi chake n'chosalala kuposa changa, ndipo mvulayo waifotokoza moti munthu umamva kuzizira, koma wolakwiridwa ndiye wapepesa, wolakwa wapatsidwa mphotho. Mtsikana wa zaka 16 akazolowera kuganiza kuti mnyamata wotukwana ndi amene amakonda kwambiri, ndipo wofatsa ndi wotopetsa, maganizowo sathera m'kope. Inu ndi ine tikudziwa akazi a kwathu amene anapirira zaka zambiri ponena kuti amandimenya chifukwa amandikonda, ine ndidzamusintha.

Sindikunena kuti kulemba za munthu woipa amene akusintha n'kulakwa, ndipo apa ndikufuna kuti tisamulakwire mwanayu. Mabukuwo anasiya mpata woti Draco angathe kulapa, ndipo pali olemba fan fiction ena amene amauyenda bwino mpatawo: amamusiya ndi mlandu wake wonse, amamuchititsa manyazi, amamuvomeretsa kulakwa pamaso pa amene anawalakwira, ndipo Hermione amakhala ndi ufulu wokana kukhululuka. Ngakhale pabwalo la amfumu mlandu sumatha pongonena kuti wolakwayo ali ndi mtima wabwino. Amavomera, amapepesa, amapereka nkhuku kapena mbuzi, kenaka ndi pamene anthu amagwirana chanza. Chimene chasowa m'nkhani ya mwana wathu ndi bwalo limenelo, ndipo kusowa kwake kwafooketsanso nkhaniyo, chifukwa Draco wa m'kope wangotsala dzina ndi tsitsi, munthu mwiniyo wachokamo.

Tsono ndikupempha kuti tichite motere. Mumubwezere kopelo mawa, ndipo inu achemwali mumuuze kuti munaliwerenga popanda chilolezo chake chifukwa cha mantha, poti akadziwa kuti mukubisa adzayamba kulembera mufoni momwe simudzaona kanthu. Nkhani ya Draco ndi Hermione mundisiyire ine. Ndidzamufunsa mafunso a mlembi, osati a woweruza: kodi Hermione anaiwala liti dzina lija anatchulidwa pagulu, nanga Ron walakwa chiyani kuti aswe mbale? Ndidzamupempha kuti alembenso tsamba lachisanu ndi chinayi mwanjira yoti Draco apepese osadzikhululukira, Hermione achoke ndi jekete koma osayankha, kuti aone yekha kuti ndi tsamba liti lili ndi mphamvu.

Mbali imene ikufunika maso anu, alamu, ndi ya zimene amawerenga, chifukwa pamalo amenewa pali nkhani za ana ndi za akuluakulu pamodzi, ndipo zambiri za Dramione zinalembedwera akuluakulu, zina zili ndi zogonana ndi nkhanza zofotokozedwa poyera. Pa Archive of Our Own nkhani iliyonse ili ndi kabokosi pakona yakumanzere pamwamba: chilembo G chobiriwira ndi cha aliyense, T chachikasu ndi cha achinyamata, M yaolenji ndi E yofiira ndi za akuluakulu okha, ndipo zosaikidwa chilembo muziziyesa za akuluakulu. Pali posankhira kuti M ndi E zisamaoneke n'komwe. Mukhale naye pansi kuti akuonetseni yekha mmene amasankhira, poti foniyo amaidziwa kuposa tonsefe. Pa Wattpad nkhani zotere zimalembedwa kuti Mature. Muonetsetsenso kuti dzina limene amalembera si lake lenileni, ndipo sanatchule sukulu, dera, nambala ya foni kapena kuikapo chithunzi chake. Wina akamutamanda n'kumupempha kuti akachezere pa WhatsApp, asayankhe, adziwitse inu kapena ine.

Pali funso lija munafunsa alamu, ngati zolembazi zingamubweretsere ndalama. Yankho ndi lakuti ayi, malinga ngati muli Draco ndi Hermione, chifukwa anthu amenewa ali ndi mwini wake mwalamulo, ndipo fan fiction imalekereredwa pokhapokha ngati ikuperekedwa kwaulere. Asasindikize n'kumagulitsa kwa anzake kusukulu, ndipo asalole aliyense kumuuza kuti alipire kapena alipidwe kuti nkhaniyo ituluke. Akadzafuna kugulitsa, adzapeke anthu akeake, a mayina ndi midzi yake, ndipo luso limene akulinola panopa lidzamuthandiza pamenepo. Kunena za sukulu, popeza chaka chamawa akulemba mayeso a MSCE, ndikuganiza kuti kulemba ndi kuwerenga nkhanizi kukhale kwa Loweruka masana ndi Lamulungu akaweruka ku tchalitchi, ndipo masiku a sukulu foni izigona kuchipinda kwanu ikakwana 8 koloko usiku.

Buku lachiwiri ndi lachisanu ndi chimodzi ndawagula kale m'sitolo ya mabuku akale, ndipo ndidzapatsira munthu amene akubwera kumudzi mwezi wamawa, chifukwa ndikukayika ngati mwanayu anawerengapo mabuku enieniwo. Draco wake akuoneka kuti anamudziwira m'mafilimu ndi m'zolemba za anzake. Ndatumizanso ndalama pang'ono ya bando pa nambala yanu, achemwali. Lamulungu likubwerali ndidzaimba nthawi ya 4 koloko madzulo ya kumeneko, ndipo ndikupempha kuti mudzamupatse foni n'kutuluka panja, kuti adzathe kundiwerengera tsamba lija ndi mawu ake popanda kuchita manyazi.