Makalata a Omvera: Makaundula a Mipingo ndi Mabuku a Magulu Athu Kuno ku Chigwa

Takulandirani nonse amene mwatchera khutu, kuyambira kwa Chapananga mpaka ku Marka, osaiwala inu a kutsidya ku East Bank. Sabata yatha tinakambirana za mabuku amene amasungidwa ndi mipingo, mizikiti, makalabu a alimi ndi magulu a amayi m'midzi mwathumu. Nkhaniyo yautsa makalata ambiri, ndiye tisachedwe.

Yoyamba yachokera ku Makhanga, kwa bambo wina amene ndi mlembi pa mpingo wawo. Akuti:

"Achimwene, kaundula wa ubatizo ndi maukwati ndinachita kulandira kwa mkulu wampingo amene anatisiya. Muli mayina a makolo athu, ena amene manda awo anakokoloka kalekale. Madzi a mu 2015, pamene mtsinje wa Ruo unasiya njira yake n'kudzera m'midzi, bukuli linapulumuka chifukwa linali lotsomeka kudenga. Koma namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 analipeza m'thiranki. Pobwera kuchokera ku kampu tinapeza masamba atamatirirana ndi matope. Ndinaliyanika padzuwa, lero lili gwa ngati thabwa. Akhristu ena akuti tingolitaya tigule hadikava yatsopano. Kodi chilipo choti n'kupulumutsa?"

Bambo mlembi, pepani ndi zimene munadutsamo. Bukulo musalitaye, ndapota nanu. Hadikava yatsopano igulidwe ndithu, koma ntchito yake ikhale yolandira zimene zili m'buku lakalelo.

Khalani nalo panja pamthunzi, mutaphimba mphuno ndi kansalu chifukwa chuku chimadwalitsa chifuwa. Matope ouma aja sasani ndi kaburashi kofewa. Kenako yang'anani pamene masamba akulola okha kutseguka, lowetsanipo kampeni kopanda mano pang'onopang'ono. Pamene pakukana, pasiyeni, chifukwa mukakakamiza zilembo zimatsalira pa tsamba linzake ndipo dzinalo latayika basi. Tsamba lililonse limene latseguka lijambuleni ndi foni nthawi yomweyo. Selotepi isayandikire, imauma, imasiya banga, ndipo ikamamatuka imatenga ndi zolemba zomwe.

Mukatero itanani agogo a pampingopo Lamulungu lina mapemphero atatha. Inu muziwerenga zimene zikuoneka, iwo azikumbutsa zimene zafufutika. Muwapemphe abwere ndi makhadi awo a ubatizo ndi ziphaso za ukwati, poti zambiri zimene zinali m'kaundula zilinso m'zikwama za anthu. Polemba m'buku latsopano, sonyezani poyera kuti dzina ili lakoperedwa m'buku lakale, ili tamva kwa uje tsiku lakuti. Wodzawerenga mtsogolo adzadziwe kusiyanitsa. Funsaninso ku likulu la mpingo wanu. Kwa Akatolika, mwachitsanzo, ubatizo wa kunthambi umalembedwa m'kaundula wa ku parishi, ndipo dayosizi ya Chikwawa yakhalapo kuyambira 1965.

Kwa enanu, madzi akadzabweranso, buku lonyowa lisaone dzuwa la kuno. Liimikeni chilili pamthunzi podutsa mphepo, masamba atatambasuka, ndipo pakati pake muziikamo mapepala oyera n'kumawasintha akanyowa. Musachedwe nalo, chifukwa ndi kutentha kwathuku chuku chimamera m'masiku awiri okha. Mujumbo muziikamo buku louma lokhalokha. Lachinyezi likatsekeredwa m'pulasitiki limaola.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wa kwa Ngabu, ndipo yandikhudza kwambiri.

"Gulu lathu linayamba ndi amayi othandizana pamaliro, kusonkha ufa ndi nkhuni. Pambuyo pake tinayamba banki mkhonde. Mlembi wathu anamwalira, ndipo achibale pogawana katundu anatenga ndi mabuku athu omwe. Tsiku lina mnzathu anagula zitumbuwa pamsika, n'kupeza kuti pepala lokulungira lili ndi mayina athu ndi masheya amene tinaponya. Tikuopa kukafunsa, angatiyese opanda chisoni."

Mayi, kufunsa si kupanda chisoni. Malemuwo anakutumikirani zaka zonsezo ndi cholembera chawo, ndipo kulemekeza ntchito yawo ndi kupulumutsa zimene analemba. Achibalewonso sanachite dala. Anaona makope akale m'nyumba ya m'bale wawo, n'kuwayesa ake. Musapite chigulu. Tumani amayi awiri achikulire, adzere kwa nyakwawa, akapepese maliro kaye kenako n'kutula nkhaniyo. Ngakhale atapezeka masamba khumi okha, alandireni ndi manja awiri.

Vuto limeneli lili ponseponse. Buku la gulu timalisiya m'manja mwa munthu mmodzi mpaka aliyense amaiwala mwini wake weniweni. Pachikuto palembedwe ndi zilembo zikuluzikulu dzina la gulu, mudzi, mfumu yaikulu, chaka chimene bukulo layambira, ndi mawu akuti ndi katundu wa gulu. Mlembi akamatula udindo, mabuku awerengedwe pamaso pa anthu, wolandira asayine. Buku likadzaza lisamakhale kwa mlembi. Lipite kumene gulu lagwirizana, kaya ku tchalitchi, kaya kwa amfumu, pamalo okwera, kutali ndi khoma la chiswe.

Wina anganene kuti maminitsi a gulu la amayi ndi kanthu kanji. Taganizani izi. David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire mu 1859. Amishoni a UMCA, bungwe la mpingo wa Anglican, amene anakhala kwa Chibisa, kufupi ndi Chikwawa, timawadziwa mayina awo: Henry Scudamore ndi John Dickinson anafera komweko mu 1863, ndipo mtsogoleri wawo, Bishopu Mackenzie, anamwalira mu 1862 kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Timadziwa zonsezi chifukwa anzawo ankalemba. Nanga amene ankapalasa ngalawa, kuwaphikira, kuwakumbira manda? Ambiri mwa iwo mayina awo anapita nawo.

Tisapite kutali. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira anthu miyandamiyanda kuno, ku Mankhokwe, ku Nyamithuthu ndi m'midzi yambiri ya m'malire, mpaka mtendere utabwera mu 1992. Mabungwe akuluakulu ali ndi malipoti awo a matumba a chimanga amene anagawa. Koma banja limene linapereka khonde, mpingo umene unaika maliro a mlendo wopanda m'bale, amayi amene anasonkha ufa, nkhani yawo ili m'makope ngati anuwo, mayi. Kope limene likuti mwezi wakuti gulu silinaponye masheya chifukwa cha njala, kapena kuti ngongole zinachedwa chifukwa thonje silinagulidwe, likunena mbiri ya chigwa chino kuchokera pakamwa pa eni ake.

Mnyamata wina wa ku Nchalo watumiza uthenga waufupi pa foni: "Bwanji kuvutika ndi mapepala? Ine ndinajambula mabuku onse a kalabu yathu ya achinyamata n'kuponya pa gulu la WhatsApp. Nkhani yatha."

Mphwanga, wachita bwino kujambula, koma nkhani sinathe. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, imadzaza n'kufufutidwa. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp chimachepetsedwa, moti zilembo zing'onozing'ono za pensulo sizimawerengekanso bwino. Jambula masana, tsamba lililonse palokha, kuyambira pachikuto, ndipo usunge zithunzi zenizenizo pa memori khadi ziwiri. Imodzi ikhale kwanu, ina kwa munthu wodalirika wa kumtunda, kaya ku Chididi, ku Thyolo kapena ku Blantyre, kumene madzi a Shire safika. Malisiti a pamakina aja uyambe ndi amenewo, chifukwa amafufutika okha ndi kutentha.

Chinanso, m'mabuku muli zinsinsi za anthu: amene analephera kubweza ngongole, amene anadulidwa mumpingo, amene ankadwala. Zoterezi si zoponya pa gulu la anthu ambirimbiri. Gulu ligwirizane kuti ndani angaone chiyani.

Ndipo mabuku akale kwambiri amene mukuona kuti simungathe kuwasamala, kuli National Archives ku Zomba, nyumba yosunga zolemba za dziko lino, imene inayamba mu 1947. Kumeneko kuli mapepala a boma komanso a mipingo ndi mabungwe. Mukhoza kukafunsa uphungu, ngakhale kukambirana zosungitsako.

Yomaliza yalembedwa ndi mdzukulu m'malo mwa agogo ake a ku Nsanje. Agogowo akuti: "Mwanawe, ukunena za mabuku, koma za Mbona ku Khulubvi, kachisi wopempherera mvula, sizinakhalepo m'buku, ndipo zafika lero. Si zonse zofunika kulemba."

Zikomo, gogo, mwanena zoona. Za ku Khulubvi zasungidwa pakamwa mibadwomibadwo, ndipo zilipo zimene ndi za osunga kachisi okha; wailesi kapena foni zilibe gawo pamenepo. Komabe wansembe wa ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, anakhala kuno akumvetsera akuluakulu ndi kulemba zimene anamulola kulemba, ndipo ana athu a ku yunivesite amawerenga zimenezo lero. Mu 2011 dziko lathu linapereka dzina la Khulubvi ku UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, pa mndandanda wa malo oyembekezera kuzindikiridwa pa dziko lonse. Pempho langa ndi lakuti zimene mukuona kuti n'zololedwa, monga mayina a amene anatsogolera, zaka za chilala, nyimbo zoimbidwa poyera, mumuuze mdzukulu wanuyo ajambule mawu anu. Poyamba mutchule dzina lanu, mudzi wanu ndi tsiku, ndipo munene nokha amene mukuwalola kudzamva. Za mseri zikhale kwa eni ake monga kale.

Makalata a asodzi a ku Elephant Marsh okhudza mabuku a makomiti a m'madooko tawalandira, tidzawawerenga sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.