Confounding: chinthu chachitatu chomwe chimapotoza ziwerengero za moyo ndi imfa

Moni nonse. Tiyambe ndi ziwerengero zomwe zimadodometsa aliyense woziona koyamba.

Pakati pa 1972 ndi 1974, ofufuza anafunsa amayi a m'dera la Whickham, kumpoto chakum'mawa kwa England, za thanzi lawo, kuphatikizapo ngati amasuta fodya. Patapita zaka 20 anawalondolanso kuti aone amene adakali moyo. Mwa amayi 1,314, osuta analipo 582, ndipo 139 mwa iwo anali atamwalira. Osasuta analipo 732, ndipo omwalira anali 230.

[Pa sikirini: Osuta, 24 mwa 100 alionse anamwalira. Osasuta, 31 mwa 100 alionse.]

Ziwerengerozi n'zoona, palibe amene anaphonya masamu. Ndiye tinene kuti fodya amateteza moyo? Ayi. Amayi okalamba kwambiri pagululi ambiri sankasuta, pomwe osuta ambiri anali a zaka zocheperapo. Mayi amene ali ndi zaka 70 lero, n'kovuta kuti pakatha zaka 20 akhale adakali moyo, kaya amasuta kaya sasuta. Ofufuza atawagawa amayiwo m'magulu a amsinkhu umodzi, zinthu zinatembenuka: pafupifupi m'gulu lililonse, osuta ndi amene anamwalira kwambiri.

Msinkhu apa ndi umene akatswiri a ziwerengero amautcha confounder, ndipo vuto lonselo amalitcha confounding. Ndi chinthu chachitatu chomwe chagwira mbali ziwiri nthawi imodzi. Chikukhudza amene akusuta, kapena amene akulandira mankhwala, komanso pachokha chikukhudza amene amwalire msanga. Zili ngati kuona kuti tsiku lomwe anthu ambiri anyamula maambulera m'njira mumakhala matope, n'kuyamba kuimba mlandu ambulera, mvula osaitchula.

Tsono kafukufuku wolondola anthu kwa nthawi yaitali, amene amatchedwa survival analysis, ali ndi zovuta zakezake. Funso lake silithera pakuti munthu wamwalira kapena ayi. Limafunsanso kuti liti. Ndipo anthu ambiri sitiwaona mpaka mapeto: wina amasamuka, wina amasiya kubwera, ena kafukufuku amatha iwo adakali moyo. Za munthu wotereyu timangodziwa kuti anafika tsiku lakuti ali moyo, basi. Zimenezi ndi censoring. M'chaka cha 1958, Edward Kaplan ndi Paul Meier anafalitsa njira yowerengera yomwe imagwiritsa ntchito nthawi ya anthu oterewa m'malo mowataya. Zithunzi za mizere iwiri yotsika ngati masitepe, yosonyeza kuchuluka kwa amene adakali moyo m'gulu lililonse, zomwe mumaziona m'malipoti a zaumoyo zimachokera kumeneko.

[Pa sikirini: mizere iwiri ya Kaplan-Meier, wina pamwamba wina pansi]

Mizereyi imakopa maso. Wina uli pamwamba, wina pansi, ndiye munthu amangoti nkhani yatha. Koma Kaplan-Meier wamba sadziwa kuti gulu lina ndi la okalamba kapena la odwala kwambiri. Amajambula zomwe wapatsidwa. Amayi a ku Whickham mukanawajambulira mizere yotere, mzere wa osuta ukanathera pamwamba.

Mu 1972 David Cox anabweretsa njira yomwe mpaka lero ndi yotchuka kuposa zonse pa ntchitoyi. Model ya Cox, kutanthauza njira yake yowerengera, imakulolani kuikamo msinkhu, kukula kwa matenda, kuthamanga kwa magazi ndi zina, kuti muyerekeze anthu ofanana pa zinthu zimenezo. Imatulutsa nambala yotchedwa hazard ratio. Ikakhala 1, chiopsezo n'chimodzimodzi m'magulu onse awiri. Ikakhala 2, ndiye kuti pa nthawi ina iliyonse, mwa amene adakali moyo, a gulu loyamba akumwalira pa liwiro lowirikiza kawiri. Ikatsika pansi pa 1, chiopsezo chawo n'chochepa.

Ambiri amaima pomwepa. Aika zinthu khumi mu model, alemba kuti zotsatira zakonzedwa, n'kupuma. Ine apa ndi pomwe mtima sukhala m'malo, chifukwa confounding yoopsa kwambiri pa zamankhwala imachokera kwa dokotala amene akugwira ntchito yake bwino lomwe. Dokotala sapereka mankhwala amphamvu mwachisawawa. Amapereka kwa amene wadwalitsa. Ndiye mukadzawerenga pambuyo pake, omwa mankhwala amaoneka akumwalira kwambiri, mankhwalawo n'kusenza mlandu wa matenda.

Chitsanzo chomveka bwino ndi cha zidovudine, amene ambiri amawadziwa kuti AZT, mankhwala oyamba kuvomerezedwa olimbana ndi HIV. M'chaka cha 2000, Miguel Hernán, Babette Brumback ndi James Robins anasanthula zomwe zinasonkhanitsidwa kwa amuna okhala ndi HIV mu Multicenter AIDS Cohort Study ku United States. Atangoyerekeza omwa ndi osamwa popanda kukonza kalikonse, hazard ratio inatuluka 3.6. AZT anaoneka ngati akupha. Atakonza poganizira CD4, chiwerengero cha maselo oteteza thupi m'magazi, ndi zinthu zina monga zinalili pa chiyambi cha kafukufuku, inatsika kufika 2.3. Mankhwala anaonekabe oipa.

Chikusowa n'chiyani? N'chakuti CD4 siimirira malo amodzi. Munthu akhoza kulowa m'kafukufuku chitetezo chake chili bwino, pakatha zaka ziwiri chatsika, ndipo tsiku lomwe chatsikalo ndi pomwe dokotala akumuyambitsa mankhwala. CD4 ya pa chiyambi siikuuzani chifukwa chomwe munthuyu wayambira mankhwala lero.

Wina anganene kuti, basi tiike CD4 ya ulendo uliwonse mu model. Mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pomwe pali mfundo yovuta. CD4 yotsika imachititsa kuti munthu apatsidwe mankhwala. Koma mankhwalawo amakhudzanso CD4 ya ulendo wotsatira, ndipo imeneyo ndi njira imodzi yomwe amathandizira munthu kukhala moyo. CD4 yomweyo ndi chifukwa cha mankhwala a mawa komanso chipatso cha mankhwala a dzulo.

[Pa sikirini: muvi kuchoka pa mankhwala kupita pa CD4, wina kuchoka pa CD4 kupita pa mankhwala otsatira, wina kuchoka pa CD4 kupita pa imfa]

Mukaisiya kunja kwa model, confounding ikhalapo. Mukaiikamo mwa njira yanthawi zonse, mukufunsa funso lakuti, mwa anthu omwe CD4 yawo ndi yofanana, mankhwala athandiza chiyani? Pamenepo mwafufuta phindu lonse lomwe mankhwala anabweretsa kudzera mu CD4. Kulikonse mungalowere, nambala ikhala yolakwika.

Robins anali atayamba kulimbana ndi vutoli kuyambira 1986, ndipo njira yomwe anagwiritsa ntchito pa AZT imatchedwa marginal structural model. Maganizo ake ndi otere. Pa ulendo uliwonse, mumawerengera mwayi womwe munthu anali nawo wolandira chithandizo chomwe analandiradi, potengera mbiri yake kufika tsikulo. Amene wachita zosayembekezereka, monga wa CD4 yotsika kwambiri koma sanayambe mankhwala, mumamuwerengera ngati anthu angapo, chifukwa akuimira ena ofanana naye omwe anayamba. Amene wachita zoyembekezereka amawerengedwa mopepuka. Mukatero mumapanga gulu la pa pepala lomwe CD4 siilamulanso amene alandire mankhwala, koma mankhwala akadali ndi mpata wogwira ntchito kudzera mu CD4. Ndi njira imeneyi nambala ija inafika 0.7. Anthu omwewo, masiku omwewo, kuchoka pa 3.6 kufika pa 0.7.

Komabe ngakhale njira imeneyi imakonza zokhazo zomwe zinayezedwa. Chomwe sichinalembedwe kompyuta singachione.

Mu 1980, ofufuza a Coronary Drug Project anafalitsa zomwe anapeza mwa amuna omwe anadwalapo mtima. Ena ankapatsidwa mankhwala otchedwa clofibrate, ena placebo, mapiritsi opanda mankhwala alionse. Mwa omwe ankamwa clofibrate mokhulupirika, 15 mwa 100 anamwalira m'zaka zisanu, pomwe mwa odumphadumpha anamwalira pafupifupi 25. Zikuoneka ngati mankhwala akugwira ntchito. Koma taonani a placebo. Okhulupirika, 15 mwa 100. Odumphadumpha, 28. Piritsi lopanda kanthu silingapulumutse munthu. Chomwe chikuoneka apa ndi mtundu wa munthu amene amamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku: mwina amasamala thanzi lake m'njira zinanso, mwinanso winayo anasiya kumwa chifukwa thupi linali litayamba kale kufooka. Ofufuzawo anakonza poganizira zinthu 40 za pa chiyambi, koma kusiyanako kunangochepa pang'ono. Kunadzachepa kwambiri mu 2016, Eleanor Murray ndi Hernán atasanthulanso poganizira momwe thanzi la anthuwo linkasinthira m'kati mwa zaka zisanuzo.

N'chifukwa chake kugawa anthu mwa maere kuli kofunika chonchi. Maere sayang'ana msinkhu, CD4 kapena khalidwe. Amagawa zinthu zoyezedwa ndi zosayezedwa zomwe, ndipo anthu akachuluka magulu awiriwo amafanana. Koma si funso lililonse lingayesedwe motero. Simungauze anthu kuti ayambe kusuta kuti muone zotsatira.

Ndichenjezenso mbali ina. Pali anthu amene chilichonse chomwe sakuchifuna amachikana ndi mawu akuti mwina pali chinthu china chobisika. Zimenezo ndi zomwe zinkanenedwa pa nkhani ya fodya ndi khansa ya m'mapapo. Mu 1959 Jerome Cornfield ndi anzake anayankha ndi masamu: ngati osuta ali ndi chiopsezo chowirikiza kasanu n'kanayi, chinthu chobisikacho chiyenera kupezeka mwa osuta kuposa kasanu n'kanayi poyerekeza ndi osasuta kuti chifotokoze zonsezo, ndipo palibe amene anasonyeza chinthu chotere. Mu 2017 Tyler VanderWeele ndi Peng Ding anakonza maganizo omwewa kukhala nambala imodzi, E-value. Chiopsezo chikapezeka chowirikiza kawiri, E-value yake ndi 3.4. Chinthu chobisikacho chiyenera kulumikizana ndi mbali zonse ziwiri mwamphamvu chotero kuti chifafanize zomwe zapezeka. Chiopsezo chikakhala 1.1, E-value imangofika 1.4, ndipo chinthu chaching'ono chokwanira kuchita zimenezo sichisowa.

Nkhani yomwe inagwedeza madokotala kwambiri ndi ya mahomoni operekedwa kwa amayi osiya kusamba. Kafukufuku wongolondola anthu, monga Nurses' Health Study, ankaonetsa kuti omwa mahomoni sadwala mtima kawirikawiri. Kenako Women's Health Initiative inagawa mwa maere amayi oposa 16,000, ndipo mu 2002 mbali yoyesa mahomoni a estrogen pamodzi ndi progestin inaimitsidwa nthawi isanakwane. Hazard ratio ya matenda a mtima inali 1.29, kutanthauza kuti chiopsezo chinakwera. Ambiri anati zonse zinali confounding, popeza omwa mahomoni nthawi zambiri anali athanzi kale komanso opeza bwino.

Mu 2008 Hernán ndi anzake anabwerera ku Nurses' Health Study n'kufunsa funso momwe likanafunsidwira m'kafukufuku wa maere. Anayerekeza amayi omwe akuyamba kumene mahomoni ndi omwe sakuyamba, n'kuwerenga nthawi kuchokera pa tsiku loyambira. Kale ankawerengera pamodzi amayi omwe anali atamwa kale kwa zaka, kutanthauza omwe anadutsa bwino nyengo yoopsa yoyambirira, pomwe odwala msanga anali atagwa kale m'gululo. Atakonza poyambira kuwerenga nthawi, chiopsezo chokwera cha zaka ziwiri zoyamba chinaoneka m'ziwerengero zomwe zija, ndipo mbali yaikulu ya kusiyana kwa kafukufuku awiriwa inapezeka kuti inachokera ku kutalika kwa nthawi yowalondola komanso zaka zomwe zinali zitapita chisiyireni kusamba pomwe mayi ankayamba mahomoni.