Chipereganyu cha ku Jamaica ndi nzeru za Glissant

Moni nonse, makamaka inu amene muli pa shifiti ya usiku. Nkhani ya sabata ino mwaimva: chipereganyu china cha Amalawi kuno ku UK chagwa. Munthu walandira poyamba, foni n'kuthimitsa. Pa WhatsApp n'kutukwanizana kokhakokha. Ndiye lero tikambe za anzathu a ku Jamaica, paja iwo anatitsogolera kuno.

Chipereganyu iwo amati pardner, a ku Trinidad amati susu. Tinene anthu khumi, aliyense mapaundi 100 pa sabata, mmodzi amanyamula 1,000 mpaka onse atalandira. Mpaka apa n'chimodzimodzi ndi chathu. Kusiyana kuli pa wosunga ndalama. Kawirikawiri amakhala mayi wachikulire wodziwika kutchalitchi, ndipo wolowa amasankhidwa ndi iyeyo. Mlendo amalandira kumapeto, atasonkha kale. Wina akajomba, mayiyo ndiye amathamanga kuti wolandira asaperewedwe, n'chifukwa chake amamusiyira kangachepe. Ife timayambitsa amene walira kwambiri za lendi. Chingalimbe bwanji?

Sitima ya Empire Windrush inakocheza padoko la Tilbury pafupi ndi London mu 1948, itanyamula anthu a ku Jamaica ndi zilumba zina za ku Caribbean. Mabanki ankawakaniza ngongole anthu akuda, koma ambiri anagula nyumba ku Brixton mu London ndi ku Handsworth mu Birmingham ndi ndalama za pardner.

Ndipo musamati anthuwa n'ngachilendo kwa ife. Mu 1926 atsamunda anam'manga munthu wakwathu, Isa Macdonald Lawrence, ku Nyasaland chifukwa choitanitsa nyuzipepala ya Marcus Garvey, womenyera ufulu wa anthu akuda wa ku Jamaica. Tinayamba kalekale kumverana.

Tsono pali Édouard Glissant, mlembi wa ku Martinique, chilumba china cha ku Caribbean, amene anamwalira mu 2011. Kwawoko ukapolo unasakaniza mitundu ya ku Africa, kenako panabwera Amwenye ndi Matchaina odzagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Wofunsa kuti mfumu yanu ndani akanafunsa ndani? Glissant ankaphunzitsa kuti munthu ali ndi ufulu wosamvetsedwa yense, ndipo mungathe kukhalira limodzi, kugwirira limodzi ntchito, popanda kumufukula mpaka kumizu. Ife timanyadira umunthu, ndipo n'zoona tili nawo, koma kunja kuno tausandutsa "ndi wakwathu ameneyu". Wakwathuyo ndi amene wathimitsa foni! Mayi wa pardner amayang'ana chimodzi: Lachisanu lapitali unabweretsa?

Amene mukuyambitsanso gulu, lembani ndandanda wa olandira tsiku loyamba lomwelo, ndipo watsopano aliyense abwere ndi womuimira amene adzalipire iye akasowa.