Utsi wakuda si mphamvu: kajambulidwe ka sitima ya malasha kuno ku Joni

[Poyambira: mutu wa sitima ukutulukira pakona, phokoso lokhalokha]

Musadumphe, imvani kaye phokosolo. Chitsulo cha matani oposa 200 chimenecho, chikuyenda ndi moto ndi madzi basi. Vidiyoyi isanathe ndikuuzani chifukwa chake zithunzi za utsi wakuda bii, zimene ambiri mumaziombera m'manja pa Facebook, ine zimandipsetsa mtima.

Muli bwanji abale anga a kuno ku Johannesburg, ndi inu amene mukuonera muli kumudzi. Ngati ndinu achilendo, dinani subscribe pompano, chifukwa ndikudziwa kuti mukadikira muiwala.

Mwachidule, mukuionayi ndi Class 25NC, ya m'ma 1950. Inapangidwa ku Scotland ndi ku Germany, ndipo inkatchuka pa njanji ya pakati pa De Aar ndi Kimberley. Mateyala ake akuluakuluwo ndi aatali mita imodzi ndi theka. Malasha amayaka, madzi amawira, nthunzi imakankha mapisitoni, mateyala amazungulira. Sukulu yathera pomwepo. Wina alemba kale kuti "koma Big Boy ya ku America ndiye yaikulu". Inde achimwene, Big Boy 4014 ya Union Pacific ndi yaitali mamita 40 ndipo imalemera matani oposa 500. Koma njanji yake ndi yotakata. Yathu kuno ndi ya mamilimita 1,067, yofanana ndendende ndi ya ku Limbe ndi ku Balaka. Kukweza chimphona ngati 25NC pa kanjanji kopapatiza chonchi, pamenepo ndiye pali luso.

Choyamba, dziwani tsiku. Sitima zimenezi siziyenda ngati minibasi. Zambiri zimasamalidwa ndi magulu a anthu ongodzipereka, ndipo amazitulutsa mwa apo ndi apo. A Reefsteamers ankanyamula anthu kupita ku Magaliesburg, mitu yawo ikugona ku depoti yakale ya ku Germiston. Ku Capital Park, ku Pretoria, a Rovos Rail amasunga yawo. Funsani kaye musanaononge ndalama ya thiransipoti.

Chachiwiri, dzuwa likhale kumsana kwanu. Sitimayi ndi yakuda, mukaijambula moyang'anizana ndi dzuwa mupeza chimthunzi chopanda nkhope. Imani chapambali, kuti kutsogolo ndi m'nthiti muoneke pamodzi, ndipo mugwade pansi kuti ikule. Basi.

Chachitatu. Apa ndiye khalani pansi.

Pali bodza limene lafala: akuti sitima ikamatulutsa utsi wakuda kwambiri ndiye kuti ikukoka mwamphamvu. Ayi ndithu! Kumbukirani kukhitchini kwa amayi. Nkhuni zikamafuka mpaka aliyense misozi chuchuchu, moto umenewo ukuyaka bwino? Nsima ipsa? Amayi amagwada, n'kusonkhezera, n'kuuzira, moto lawilawi, utsi n'kutha. Pamenepo m'pamene poto amawira. M'sitima ndi chimodzimodzi. Utsi wakuda ndi malasha amene sanapse, akuthawira kumwamba. Mpweya wachepa, kapena wothira malasha wawathira ambiri nthawi imodzi. Wodziwa ntchito amathira pang'onopang'ono, ndipo pachumuni pamangotuluka kautsi kotuwa. Ndalama ya malasha sitayidwa m'mitambo.

Mukufuna umboni? Mu 1981, katswiri wina dzina lake David Wardale anatenga 25NC nambala 3450 n'kuikonzanso ku Salt River, ku Cape Town. Anasintha kayakidwe ka moto kuti malasha azipsa bwino. Anaipaka utoto wofiira, anthu n'kuitcha Red Devil. Zotsatira zake? Mphamvu zinachuluka, malasha inkadya ochepa, utsi unachepanso. Ndiye ngati utsi ndiwo mphamvu, mundifotokozere Red Devil. Ndikudikira m'makomenti.

Ndipo ndikuululireni chinsinsi. Pa maulendo a ojambula, anthu amapempha dala kuti "tipangireni utsi". Wothira malasha amawaunjika, chimtambo chakuda chija n'kutuluka, makamera thethethe. Ndi sewero limenelo, abale. Lokongola mwina, koma sewero.

Nanga choyera chija, chimene chimakwera ngati thonje? Chimenecho si utsi. Ndi nthunzi imene yamaliza ntchito m'mapisitoni, ikutulukira pachumuni n'kumakoka mpweya kuti moto uyake. Phokoso la chu-chu-chu-chu ndi lomwelo, kanayi teyala likazungulira kamodzi. Nthunziyo imayera ikakumana ndi mphepo yozizira, ngati mpweya wa m'kamwa m'mawa wa Juni ku Dedza. Masana a Disembala simuiona kwenikweni, imangosungunuka. Ndiye chithunzi chabwino chili m'chisanu. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo m'mawa wa Juni ndi Julayi udzu umachita kuyera. Kuzizira kuja timakudandaula podikira takisi, kwa wojambula sitima ndi mphatso.

Pali inanso, mchemwali wake wa 25NC, Class 25 yeniyeni. Ku Karoo madzi ndi osowa, ndiye iyo inkabweza nthunzi m'ngolo yake yaitali, n'kuisandutsanso madzi. Sinkalira chu-chu ayi, inkangolira ngati mluzu wa fani. Mphamvu zonse zija, chumuni chopanda thonje. Mwaona?

[Chithunzi cha shati yoyera ya madontho akuda]

Ineyo ndinaphunzira ndi thupi. Ulendo wanga woyamba ndinavala shati yoyera, ya kutchalitchi, n'kukaima kumene mphepo imapita, ndikufuna utsi womwewo. Itadutsa, timakala tinandigwera ngati mvula yowaza, kena n'kulowa m'diso. Ndinajambula udzu ndi nsapato zanga. Shatiyo mayi a kunyumba anaichapa katatu, pano ndi chopukutira galimoto.

Tisanapitirire: ndimajambulanso zinkhoswe, maukwati ndi mabatizo, kaya ku Rosettenville, kaya ku Tembisa, ndimafika. Nambala ili pansipa. Kumeneko ndimavala shati yoyera bwinobwino.

Chachinayi, makina. Pa kamera ikani shutter, liwiro limene kamera imaphethira, pa 1/500 ya sekondi kapena mwachangu kuposa apo, kuti mateyala asachite chizirezire. Pa foni gwirani mopingasa, dinani pa sitimayo, kenako tsitsani kuwala pang'ono kuti nthunzi isapse n'kukhala pepala loyera. Vidiyo muiyambe isanafike, ndipo chonde, tsekani pakamwa. Phokoso lija ndilo theka la nkhani, osati "eee taonani, taonani".

Chachisanu, ndipo apa sindikuseka. Sitima ndi yotakata kuposa njanji yake, ndipo siima ngati galimoto. Mukayang'anira pa foni imaoneka ngati ili kutali pamene yafika kale. Imani patali, osaponda njanji, osakwera pa bogi kapena pa mlongoti. Mawaya a pamwamba pa njanji za kuno amanyamula magetsi a mavolti 3,000 kapena kuposa. Ana muwagwire padzanja, ndipo muwachenjeze za mluzu, chifukwa ukalira pafupi ngakhale wamkulu amadumpha.

Amene agogo anu anabwera kumigodi pa Wenela, afunseni ngati anakwerapo sitima yamalasha, mundilembere zimene anene. Sabata yamawa tiona Garratt, ya mainjini awiri, boila ili pakati ngati machila. Laikani, tumizani ku gulu la WhatsApp la kwanu, ndipo mubwere ndi jekete.