Makalata a omvera: BP ya 134/86 pa mnyamata wa zaka 24

Kalata yoyamba lero yachokera ku Ndirande. Akuti: "Ndili ndi zaka 24. Atandiyeza BP anapeza 134/86. Anamwino anati yakwerako pang'ono koma sanandipatse mankhwala. Mutu sundipweteka. Ndikudwala kapena ayi?"

Achimwene, sitinganene kuti mukudwala, koma musanyozere. Matenda othamanga magazi amayambira pa 140/90, itapezeka chomwecho pa masiku awiri osiyana. Inu muli m'malire. Ku America, kuyambira 2017, 130/80 amaiwerengera kale m'gulu la matendawa. Za mutu musadalire, BP imakwera mwakachetechete.

Chodetsa nkhawa ndi kuchuluka kwa zaka zimene mitsempha yanu idzapirire mphamvu imeneyi. Ku Sweden anatsatira amuna oposa 1.3 miliyoni amene anayezedwa polembedwa usilikali pakati pa 1969 ndi 1997, ali ndi zaka za m'ma 18. Omwe BP yawo inali yokwerako pang'ono ndiwo anadzadwala kwambiri mtima ndi sitiroko atakula, poyerekeza ndi anzawo a pansi pa 120/80.

Kayezeninso, koma moyenera. Kwa mphindi 30 musanayezedwe, osasuta, osamwa khofi kapena zakumwa zopatsa mphamvu zija, osathamanga. Yambani mwakodza. Khalani pampando mphindi 5, msana utatsamira, mapazi pansi, mkono patebulo molingana ndi mtima, osalankhula. Yezani kawiri, motalikirana mphindi imodzi. Ngati muli ndi makina kunyumba, yezani m'mawa ndi madzulo kwa sabata, tayani nambala za tsiku loyamba. Zotsalazo zikamafika 135/85, bwererani kuchipatala ndi kapepala kanu.

Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa m'tchipisi, m'kanyenya ndi m'buledi womwe. Apa ndi pomwe anyamata ambiri amagwera. Yendani mwandawala mphindi 150 pasabata, chepetsani mowa, fodya siyani.

Ina yachokera ku Mzuzu: "Ndimanyamula zitsulo, thupi langa n'lolimba, koma makina akuti 142/78. Zatheka bwanji?"

Yambani mwaona lamba wokulunga pamkono uja. Mkono ukakhala waukulu lamba wamng'ono, nambala imatuluka yokwera mwabodza. Pemphani lamba wamkulu. Komanso ngati mumamwa ibuprofen kapena diclofenac pafupipafupi chifukwa cha kuphwanya kwa thupi, kapena mumabaya jakisoni wokulitsa minofu, zimenezo zimakweza BP. Ikapitirirabe 140 ndi lamba woyenera, adokotala akuyezeni mkodzo, shuga ndi impso, chifukwa pa munthu wachinyamata nthawi zina gwero limakhala impso.

Kwa nonse: ikafika 180/120 pamodzi ndi kupweteka pachifuwa, kubanika, kuona mwachimbuuzi kapena dzanzi mbali imodzi, musadikire kuti kuche, thamangirani kuchipatala.