Makalata a Omvera: Maso Ofiira ndi Mankhwala a Apongozi

Takulandiraninso omvera athu a kuno ku Mulanje, a ku Thyolo, ndi inu a kutsidya kwa Muloza. Thumba la sabata ino ladzaza ndi nkhani ya maso yokhayokha.

Ndiyambe ndi mayi wa ku Thekerani amene wapempha kuti dzina ndisatchule. Akuti: "Mwana wanga ali ndi masiku anayi. Zikope zatupa, mafinya akungotuluka ngakhale ndipukute kangati. Apongozi akuti ndizimufinyira mkaka wa m'mawere m'maso, ati makanda onse amatero."

Mayi, berekani mwanayo muzipita ku chipatala lero lomwe. Zotsala za pulogalamuyi adzakuuzani anzanu. Khanda losakwana mwezi likatupa maso n'kumatuluka mafinya chonchi, kawirikawiri limakhala litatenga tizilombo m'njira yobadwira, ndipo toopsa kwambiri ndi ta chinzonono. Timeneti timatha kuboola kagalasi ka kutsogolo kwa diso m'masiku ochepa, mwana n'kukhala wakhungu moyo wake wonse. N'chifukwa chake anamwino amapaka mankhwala a Tetracycline m'maso mwa mwana akangobadwa. Simunandiuze kumene munachirira, ndipo sindikufunsani. Dziwaninso kuti mayi angathe kukhala ndi chinzonono osamva chilichonse m'thupi, ndiye musayambe kulozana zala pakhomo. Koma akakapeza kuti ndi chimenechi, bambo a mwana nawonso alandire mankhwala. Abambo, ndakumvani mwayamba kale kutsokomola uko, mupite basi. Inu apongozi, ulemu wanu sindikuchotsa, ana mwalera ambiri. Koma mkakawo mwana ayamwe, m'maso ayi. Kalata iyi yandisowetsa tulo, chifukwa khungu lotereli n'lopeweka.

Achimwene a ku Luchenza akufunsa ngati munthu amatenga matenda a maso ofiira pongoyang'ana wodwala. Zikanatero, mliri uja wa 2024 ukanagwetsa madokotala onse. Matendawa amafala ndi manja, chitenje, tawulo ndi beseni losambira limodzi. Ambiri amayamba ndi kavairasi ndipo amatha okha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Sambani m'manja ndi sopo, manthongo pukutani ndi kansalu koyera, kanukanu.

Tsopano mundilole ndikalipe pang'ono. Makalata angapo akutchula mkodzo, shuga, madzi a mandimu, ena mpaka msuzi wa masamba a tomato. Abale anga, diso lasanduka ndiwo kodi? Matenda amene akanatha okha mumawasandutsa chilonda, ndipo mkodzo wa munthu wa chinzonono ungathe kuphulitsa diso lenilenilo. Chimodzimodzi timabotolo todontheza togula pa benchi mu msika. Tina tili ndi mankhwala otchedwa steroid, amene amachotsa kufiira msanga koma chilonda chikukula mkati. Pofika ku chipatala mumanena kuti "sindinathiremo kanthu", chonsecho diso likununkha mandimu.

Bambo wothyola tiyi ku esiteti ina, munabayidwa ndi kamtengo ndipo pa diso pabwera kadontho koyera, kuwala kukukupwetekani. Chimenecho ndi chilonda, ndipo zomera zimalowetsa mafangasi ovuta kuchiza. Musadikire tsiku la malipiro. Zikakanika kuno adzakutumizani ku chipatala cha maso cha Lions ku Queens, ku Blantyre.

Agogo a ku Masambanjati akudabwa kuti bwanji anthu amawayeza msinkhu ndi ndodo n'kuwamwetsa Mectizan chaka chilichonse pomwe sakudwala. Agogo, m'mitsinje yothamanga ya m'mapiri athuwa mumaswana tintchentche takuda toluma. Timasiya tinyongolotsi toyabwitsa khungu, ndipo tikafika m'maso timawononga. Mectizan ndi mankhwala opha tinyongolotsiti, ndipo ndodoyo imawauza kuchuluka kwa mapiritsi oti akupatseni. Imwani ndithu.

Mayi wa ku Chonde, mwana amene amatikita maso onse awiri nyengo ya fumbi ikafika, opanda mafinya, kawirikawiri ndi thupi lake losagwirizana ndi fumbi kapena utsi, ndipo sapatsira anzake. Muikeni kansalu konyowa kozizira pa zikope, mum'chotse pa utsi wa kukhitchini, ndipo akaonedwe ku chipatala, koma sukulu asajombe. Ndikudziwa mwanayo akumva, pepa mwana wanga, mawa m'kalasi.